Dzino Langa ndi Dokotala Woopa Maloya

Lolemba

Dzino lija layambanso. Lakumbuyo, m'munsi, kumanzere. Tsaya latupa ngati ndasungamo dzira.

A manijala a loji yathu, mayi wachingelezi uja, andiona ndikuperekera alendo tiyi. Ati: "Nkhope imeneyo si yapatebulo. Lolemba linalo ikakhala idakali choncho, ukatsuka mapoto." Ine kumapoto! Zaka zonsezi ndikunyamula thileyi osaswa ndi kapu imodzi yomwe! Komanso kumapoto kulibe mlendo amene amakufumbatitsa kangachepe pochoka.

Kukiliniki ndiye ayi. Kale tinkangolowa ngati m'tchalitchi. Boma latsopanoli lati odwala tizilipira. Ulipire pawindo, ukhale pabenchi mpaka msana uume, akupatse panado. Mutu, panado. M'mimba, panado. Ng'ona itakudula mwendo, ndikhulupirira angakupatse panado awiri.

Koma mwayi wanga wafika pa ndege yamasana kuno ku Mfuwe, ku Zambia. Mlendo wa ku Amereka, wamtali, wadazi, ndipo wanena yekha pachakudya kuti ndi dokotala wa mano. Wa mano! Ali patebulo langa sabata yonse.

Pulani:
1. Kumusamala ngati mwana woyamba. Ayisi wambiri, tositi wosapserera.
2. Aone tsaya.
3. Azule, basi.

Lachiwiri

Ndikumuthirira chilichonse nditaima moti tsaya lotupalo liyang'anizane ndi mphuno yake. Khofi, madzi, msuzi. Iye maso ali kumtsinje, akuwerenga mvuu. Dokotala wanji wosaona matenda ali pafupi ngati mbale yake?

Madzulo akangana ndi a manijala za dziko limene lili ndi zipatala zabwino. Ine ndaima ndi jagi, makutu tcheru. Kukhitchini nako wophika wathu wa ku Mchinji, amene timamutcha Achimwene, waponyapo zake. Zimene ndatola:

Ku Amereka: zipatala zoposa zonse padziko, akutero mwiniwake. Kungoti ukagonako masiku angapo, potuluka ugulitse nyumba.

Ku Mangalande: zaulere. Kungoti ukadandaula bondo chaka chino, akuitana chaka chamawa. Amayi awo a manijala anazolowera ndodo kalekale, kuitanidwako kusanafike.

Ku Malawi: "Kwathu sitilipira, achimwene, n'zaulere!" Nanga mankhwala? "Amabwera." Liti? Wayamba kusenda anyezi.

Ku Zambia: kulipira ngati ku Amereka, kudikira ngati ku Mangalande, mankhwala ngati ku Malawi. Tawaposa onse!

Dzino likugunda ngati muli mtima wachiwiri. Ndatafuna phala lokha, ngati phala limatafunidwa.

Lachitatu

Zoonetsa tsaya zandikwana. Atabwerako koona nyama, ndamupeza yekha pakhonde, ndamupatsa moni bwinobwino, ndayasamula.

Wadumpha chambuyo, manja onse awiri wabisa kumsana. "Sole, sole, sindingagwire." Wasuzumira pang'ono ali kutali, wati ndikaonane ndi dokotala. Nanga iwe ndiwe ndani, woweta mbuzi?

Ndapsa mtima mpaka masana, kenako nzeru zabwera, manyazi andigwira. Wolakwa ndine. Ndapita chimanjamanja! Ndi sing'anga uti amene amanyamuka kukakumba mizu usanamupatse chipondamthengo? Ngakhale uja wa ku Malama, wopanda ndi nsapato zomwe, sakuyang'ana usanaike kanthu pamphasa. Nanga munthu wouluka pa ndege kuchokera kutsidya kwa nyanja? Wachita bwino osanditukwana.

Ndatumiza mawu kunyumba. Tambala woyera uja, wamkuluyo, amumange miyendo.

Lachinayi

Sindinaonepo!

Ndafika pakanyumba kake, ndagwada, ndapereka tambala ndi manja awiri monga mwa ulemu. Munthu wamkulu wadazi wafuula ngati ndamubweretsera mphiri. "No, no, no! Ndikalandira malipiro ndiye kuti wakhala wodwala wanga. Ukatupa udzandisuma!"

Ndikatupa? Ndatupa kale!

A manijala andiitanira kuofesi kukandimasulira. Ati ku Amereka wodwala amalowa m'chipatala ndi maso awiri, lina pa dokotala, lina pa loya. Dokotala akalakwitsa pang'ono, khoti. Akapanda kulakwitsa, khoti ndithu, loya akapeza yekha polakwika. Ameneyu anasumidwapo ndi mayi wina amene anati chizulireni dzino mluzu wake sumvekanso bwino, galu sabwera akamuitana. Mlandu unatha zaka. Ati ndalama zimene amapereka ku inshuwalansi yodzitetezera kwa odwala ake omwe zingagule galimoto chaka chilichonse. N'chifukwa chake mano kumeneko ndi odula: theka la mtengo ndi la dzino, theka ndi la mantha.

Dziko lanji limenelo? Munthu akuchiritse, iwe umuthokoze ndi samani!

Ndipo munthu yemweyu m'mawa uliwonse amayenda wapansi m'tchire kumbuyo kwa sikauti wa mfuti, atavala kabudula, kulondola mapazi a mkango. Njati saopa. Njovu yamwana saopa. Akuopa loya amene ali kutsidya kwa dziko lapansi, ndi tambala womangidwa miyendo.

Kundibwezera nkhuku kwandiwawa kuposa dzino, ndisaname. Kwathu kuno wokana mphatso yotere ndiye kuti wakana mwiniwake.

Komabe vuto ndalimvetsa tsopano, ndipo ndi laling'ono. Sakundikhulupirira kuti sindidzasuma. Pafunika mboni, munthu wamkulu woti alumbire m'malo mwanga. Ndatumiza uthenga kwa amalume ku Kawaza.

Lachisanu

Amalume afika pa njinga. Jekete yakuda ya kutchalitchi, tayi, magalasi, chikwama chakuda chachikopa m'khwapa, kutentha konseku. M'chikwamamo muli Baibulo, buku la nyimbo ndi mtedza wokazinga, koma zimenezo ndikudziwa ndi ine ndekha.

Ndawapempha kuti alankhule Chinyanja, ine ndimasulire. Akana. "Iwe, ninali kalaliki ku migodi, Chizungu nichidziwa kupambana iwe." Chabwino.

Tamupeza dokotala akudya mazira. Amalume aika chikwama patebulo, phi! Akonza tayi, atsokomola, ayamba Chingelezi chawo cha ku migodi. Amafuna kunena kuti abwera pa nkhani ya mwana wa mlongo wawo. Koma kwa amalume nkhani iliyonse yokhalira pansi akuluakulu ndi mlandu, ndipo mlandu pa Chingelezi chawo ndi "kesi". Ndiye ati abwera pa kesi. Abwerezanso kuti kesi imeneyi ndi yaikulu, ndipo iwo ndiwo akundiimira.

Dokotala wayang'ana jekete, wayang'ana chikwama, wayang'ana tsaya langa. Dazi lonse lafiira. Foloko yagwa. Wanyamuka osapukuta ndi pakamwa pomwe, wakadzitsekera m'kanyumba kake, akufuula kuti salankhula kanthu popanda loya wake.

Amalume ati: "Waona? Wachita ulemu, wapita kukatenga zida."

Tadikira pamthunzi mpaka dzuwa lapendeka. Zotsatira:
Dokotala wapempha kuti ndisamuyandikirenso.
Wapemphanso a manijala aimbe wayilesi, amupezere mpando pa ndege yamawa.
A manijala sanandilalatire. Angondiyang'ana nthawi yaitali, zomwe n'zoipa kuposa kulalata.
Amalume apita ndi tambala, ati ndi wa thukuta lawo.

Loweruka

Dokotala wapita. Masiku awiri amene analipira kale wawasiya, wathawa mtedza ndi buku la nyimbo. Sanatsanzike. Dokotala wa dziko la zipatala zoposa zonse wagona masiku asanu pafupi ndi dzino langa, ndipo chimene walichitira n'kuliyang'ana ali kutali.

Ndapalasa njinga kupita kukiliniki. Windo: ndalipira. Benchi: ndakhala. Wa mano ali ku Chipata, amabwera galimoto ikakhala ndi dizilo. Dizilo abwera liti? "Mwezi ukatha, kapena winawo." Panado.

Pobwera ndadutsa kugalaja ya loji. Sakala, makaniko wathu, watulutsa mutu pansi pa galimoto. "Mwaswera bwanji, a dzira? Bwelani kuno. Nachotsapo mabauti ovuta kupambana ako kadzino. Five minutes chabe."

Sanafunse za loya. Sanafunse za inshuwalansi. Pulayasi waiwiritsa m'ketulo ya tiyi, wandimwetsa kachasu theka la kapu, theka linalo wamwa yekha kuti dzanja likhazikike. Ndakhala pa tayala. Bondo lake pachifuwa panga. Ndaona nyenyezi masana, ndaitana amayi anga amene anamwalira kalekale, kenako khwa!

Latuluka! Ndalavula magazi ndikuseka. Amereka yalephera, Mangalande yalephera, boma lalephera, Sakala wakhoza! Ndauza aliyense kukhitchini kuti dziko lino likusowa a Sakala ambiri, osati madokotala a mantha.

Kachasu watha mphamvu chakumadzulo. Lilime lapita kukayendera malowo. Dzenje lilipo, inde. Pafupi ndi dzenjelo pali dzino, ndipo likugunda monga mwa masiku onse.

Lamulungu

Dzino lozulidwa lija ndaliika pachikhatho, ndikuliyang'ana. Loyera, lamizu iwiri, lopanda ndi kabowo komwe. Mwina linali dzino labwino koposa onse m'kamwa mwanga.

Ndikufuna kusuma! Lero ndawamvetsa anthu a ku Amereka, ndipo mayi wa mluzu uja ndamupepesa mumtima. Ndikufuna loya wa jekete, khoti lodzaza, Sakala atuluke thukuta pamaso pa woweruza.

Ndakhala pansi kuganiza zimene khoti lingamulande:
ovololo imodzi, yong'ambika pamawondo;
wayilesi yopanda mabatire;
ana asanu ndi mmodzi.
Pulayasi ndi ya loji.

Loya ali ku Chipata, kumene kulinso wa mano uja, ndipo onse awiri safika kuno.

Ndapita ndithu kwa Sakala ndi dzino m'manja. Walitembenuza uku ndi uku, wati: "Mmm, ili n'labwino. Koma munali kugwedezeka maningi, bwana." Kupepesa kwake n'komweko.

Tsaya lakula kuposa Lolemba. A manijala atumiza kale epuloni ya kumapoto, ndipo thileyi yanga apatsa wina. Ndikafuna kubwerera patebulo alendo asanathe chaka chino, lodwala lenilenilo liyenera kutuluka sabata ino, ndipo m'chigwa chonse chino wozula ndi mmodzi.

Sakala wati ndifike m'mawa asanayambe magalimoto, manja akadali oyera. Wati lachiwirili ndi laulere. Ndawomba m'manja, ndathokoza. Za khoti sindinamutchulire. Mawa pulayasi ili m'manja mwake, ndipo kamwa ndi langa.