Mankhwala a M'bokosi la Nsapato

Manyazi awa ndikuwaulula ndekha, anthu a ku Mbungo asanawathire mchere.

Mwana wanga Esnati amachita kafukufuku wa khansa ku Joni. Anandifotokozera pafoni kuti akupanga timibulu ting'onoting'ono, ma nanoparticles, tonyamula mankhwala m'magazi mpaka pachotupa. Tikafika, timatontholetsa jini, kachidutswa ka chibadwa kamene kamalamula chotupacho kukula.

Ndinamvetsera ndi mtima wonse chifukwa cha alamu anga a Matiya, mlongo wake wa mkazi wanga. Anali ndi chotupa pakhosi. Adokotala a pachilumba pathu pano anawauza kuti akapimidwe ku Mzuzu, koma iwo anakanitsitsa.

"Kumtunda anthu amapita akuyenda, n'kubwera m'bokosi," ankatero. Ine ndinkaopa kuwataya.

Tsiku lina sitima yapanyanja inabweretsa katundu wochokera kwa Esnati: bokosi la nsapato zakuda. Mkati mwa nsapato imodzi ndinapezamo kapepala komata. Nditakagwedeza, tseketseke! Timibulu!

Mwana wanzeru, ndinaganiza, wabisa kuopa ofufuza katundu a pachipata cha m'malire. Magalasi ndinawaiwala patebulo, choncho zolembedwa pakapepalako sindinaziwerenge. Ndinavala nsapatozo n'kuuyamba wa ku Mbungo kumene alamuwo amakhala, ndipo aliyense wondipatsa moni ndinamuuza kuti ndanyamula moyo wa a Matiya. Pofika, ndinali ndi gulu kumbuyo.

"Alamu, za ku Mzuzu zatha! Achemwali, apatseni madzi!" ndinauza akazi awo.

A Matiya anayang'ana timibuluto m'dzanja mwawo, maso ali ndi chiyembekezo chimene sindinachione kwa miyezi.

"Ndimwe tingati?"

Ndinaimbira Esnati, foni pa sipika kuti onse amve.

"Mama, timibulu tija tafika. Amwe tingati atsibweni akowa?"

"Timibulu tanji, ababa?"

"Ta m'nsapato!"

"Mayo ine! Tayani! Timeneto n'toyamwa chinyezi kuti nsapato zisachite nkhungu! Tathu sitioneka ndi maso, ndipo tikuyesabe pa mbewa. Atsibweni apite kuchipatala msanga!"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti ndinapatsa wodwala chiyembekezo chabodza.

Kenaka a Matiya anayamba kuseka, mpaka kugwira pachotupa.

"Alamu, mumafuna kundiumitsa ngati usipa pathandala?"

Atapukuta misozi, anatembenukira kwa akazi awo.

"Longedzani chikwama, sitima ikabwera ndikwera. Ku Mzuzu mwina ndikafa, koma ndikatsala kuno, awa andipha ndithu!"

Anapitadi, ndipo akulandira chithandizo. Ine pa Chipyela pano dzina langa ndi Dokotala wa Nsapato.

Ndaphunzira kuti chikondi chikamathamanga, chiziyamba chavala magalasi.