Goloboyi Amene Anapempherera Mvula

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo mutchere khutu, poti ndamva kuti ena mwa inu mwayamba kale kubetcherana zitumbuwa pa mpira wa kusukulu. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa mpira. Asiyeni amenewo, kunalibeko.

Kwa Chiphwanya kunali bwalo la mpira pakati pa matanthwe awiri akuluakulu. Pansi pa thanthwe lililonse panali phanga, lina kuseri kwa golo lakum'mawa, lina kuseri kwa golo lakumadzulo. Mvula ikagwa mpira uli mkati, anthu sankasokonezana ayi. Eni bwalo, timu ya Mavu ndi ochemerera ake, ankathawira kuphanga lakum'mawa, alendo kuphanga lakumadzulo. Ngakhale galu ankadziwa phanga la mbuye wake.

Goloboyi wa Mavu anali Zefaniya, koma dzina limenelo ankaligwiritsa ntchito mayi ake okha. Dera lonse linkamutcha Ulimbo, chifukwa mpira ukangokhudza manja ake unkakakamira pomwepo ngati mpheta yokodwa. Munthu ankagwira ameneyo! Anthu ankachoka kutali wapansi kudzangoona iye akuuluka. Koma anali ndi nthenda imodzi, kubetcha. Akaona nkhuku ziwiri zikuthamangira chiwala, iye wayamba kale kufunsa kuti, "Ndani akuti yakudayo ndiyo igwire?"

Tsono Ulimbo anali mkamwini. Nyumba, munda, mbuzi, zonse zinali za kuchikazi. Mkazi wake Nangozo anali telala, ndipo makina ake osokera, amene malemu amalume ake anamusiyira, ndiwo ankadyetsa banja, pakuti mpira wa masiku amenewo sunkagula ndi mchere womwe. Nangozo anali atamuchenjeza kale mwamuna wakeyo.

"Bambo a Eneti, betchani nsapato zanu, betchani chipewa chanu, zimenezo n'zanu. Koma tsiku limene mudzakhudze makina angawa, mudzapinde mphasa yanu muzikaona kwanu."

Chaka china Mavu anafika ndime yomaliza yolimbirana chikho, kukumana ndi Zipembere za kutsidya kwa mtsinje. Kutatsala masiku ochepa, Ulimbo anapita kukagula mafupa kwa a Chimbalanga wabutchala, munthu wofera Zipembere.

"A Ulimbo, Loweruka lino ulimbo wanu usungunuka," anatero a Chimbalanga akunola mpeni.

"Bodza limenelo! Tibetche."

"Ine ndaika njinga yanga iyo. Nanga inu muika chiyani, a mkamwini? Si inu nomwe ngakhale mpando umene mumakhalira ndi wa apongozi?"

Mawuwo anamulasa pamtima, ndipo pakamwa panayankha mutu usanafunsidwe.

"Makina osokera! Mavu akagonja, mudzawatenge."

Anagwirana chanza, nkhani n'kutha.

Ali m'njira mantha anamugwira. Mpira ndi wobulungira, nanga Mavu akagonjadi? Anakhala pa chulu n'kuyamba kuganiza, ndipo kuganiza sikunali ntchito yake. Patapita nthawi anawomba m'manja yekhayekha. "Koma ine ndiye wochenjera! Ndikabetchanso kwina kuti tigonja, ndiye kuti kulikonse kumene mpira ungagwere, ine ndapata."

Anakhotera kuchigayo kwa a Dzoole, amene ankakonda Mavu kuposa ana awo.

"A Dzoole, ndili ndi msuweni wanga wa ku tauni, wamwano zedi. Akuti Mavu agonja."

"Agonja? Inuyo muli pagolo?" A Dzoole anakutumula ufa kundevu. "Kamuuzeni kuti ndaika wailesi yanga yaikulu ija. Iyeyo aika chiyani?"

Ulimbo anafufuza m'mutu mwake chinthu china chamtengo, koma munalibe.

"Makina osokera. Ali kwathu, ndikumusungira."

Anabwerera kunyumba akuimba mluzu. Mavu akapambana, njinga. Akagonja, wailesi. Inu mwaliona kale dzenjelo, eti? Ndikuona uyo akuseka. Mwiniwake sanalione, anagona tulo tabwino mpaka Loweruka.

Tsikulo bwalo linadzaza, anthu mpaka pamwamba pa matanthwe. Nangozo naye anabwera, poti yunifolomu ya Mavu anasoka ndi iye. Ulimbo anaima pagolo, nalavulira m'manja, n'kumwaza maso. Ku ngodya ina anaona a Chimbalanga atagwira wilibala. Ku ngodya inayo anaona a Dzoole, nawonso ndi wilibala, atayalamo ndi chiguduli chomwe kuti katundu asakalike. Onse awiri anamukweza dzanja mwaulemu.

Apo mpamene mutu wa Ulimbo unatseguka. Tikapambana, makina atenga a Dzoole. Tikagonja, atenga a Chimbalanga. M'maso mwake anaona mphasa yake yopindidwa ili pamutu, iye ali pa msewu wa kwawo. Njira yopulumukira inali imodzi basi, kuti pasapezeke wopambana.

Mpira utangoyamba, Mavu anamwetsa chigoli. Bwalo linagwedezeka. A Dzoole anazungulira bwalo lonse akukankha wilibala ndi kuvina. Munthu wa Mavu yekhayo amene sanadumphe anali Ulimbo. Posakhalitsa mnyamata wa Zipembere anamenya kampira kofooka, koti ngakhale mwana wokwawa akanakagwira. Ulimbo anawerama mwaluso, natambasula manja, natsegulanso miyendo. Kampirako kanadutsa pang'onopang'ono mpaka mu ukonde.



"Achimwene, chachitika n'chiyani?" anafunsa kaputeni wa Mavu.

"Dzuwa linandithobwa m'maso."

"Dzuwa liti? Kumwambaku kuli mitambo yokhayokha!"

Zipembere zitalawa chigoli zinalusa, n'kubwera ngati njuchi. Tsono Ulimbo anakumbukira wilibala ya a Chimbalanga, ndipo anagwira mpira umene sanaugwirepo chibadwire. Anatchinga ndi dzanja, anatchinga ndi phazi, wina anautchinga ndi mphuno. Anagwira ndi penate yomwe. Nkhalamba zimene zinaona tsikulo zimalumbira mpaka lero kuti kugwira kotero sikunaonekenso.

Tsoka lake, chigawo chachiwiri Mavu anachinyanso. "Mayo ine!" analira Ulimbo atagwira kumutu, anzake akukumbatirana. Mpira wotsatira anaugwira bwinobwino, anayang'ana uku, anayang'ana uko, kenako anauponya mwaulemu pa phazi la womwetsa zigoli wa Zipembere. Mnyamatayo anadabwa kaye, koma mphatso sakana. Zigoli zinafanananso, ndipo apa aliyense anamva fungo loti penapake pawola.

Nthawi yomweyo kuseri kwa golo lake kunamveka phokoso, khwee! Mawilibala aja anali atagundana, poti wina ankabwerera kovina, wina akuyamba kumene.

"Chotsani chinthu chanucho, ndikanyamule makina anga!" anakalipa a Chimbalanga.

"Makina anu ati? Makina ndi anga, a msuweni wa ku tauni!" anayankha a Dzoole.

Kenako Ulimbo anamva mawu amene ankawadziwa bwino, ofatsa moopsa.

"Pepani abambo, makina mukukanganiranawo ali kuti?"

"Kunyumba kwanu, mayi," anayankha onse awiri pamodzi.

Ulimbo sanatembenuke. Msana wake wokha unamva maso a Nangozo. Ndipo ngati zimenezo sizinakwane, woyimbira mpira analengeza kuti nthawi ikatha zigoli zili chomwecho, apita ku mapenate. Ana inu mukudziwa, mapenate satha popanda wolira.

Munthu wamkulu anagwada pagolo pomwepo, anthu onse akuona.

"Chauta, njinga ndaikana. Wailesi ndaikana. Ndipatseni mvula basi!"

Kaya pemphero linamveka, kaya mitambo ija inali itatopa kale, ine sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti kunang'anima, kunagunda, ndipo inatsika mvula yosasewera, ya matalala omwe. Woyimbira anaika mpira m'khwapa, anaimba wezulo, nakuwa kuti masewero athera pomwepo popanda wopambana, n'kuliyatsa liwiro. Anthu anagawikana monga mwa nthawi zonse, awa kum'mawa, awa kumadzulo.

Ulimbo anathamangira kuphanga la kwawo. Pakhomo anapeza kaputeni atatambasula manja.

"Phanga lino ndi la Mavu. Pitani kwa anzanu amene mwawagawira zigoli."

Anatembenuka, nadutsa bwalo lonse m'matope, kufika kuphanga lakumadzulo. Uko anakumana ndi mimba ya a Chimbalanga.

"Kuno? Inu amene mwatimana zigoli zosawerengeka, mpaka kugwira penate? Bwererani kwanu!"

Anabwerera kum'mawa, anamukuwiza. Anathamangiranso kumadzulo, anamugenda ndi zitsononkho. Pomaliza anangoima pakati pa bwalo, madzi akutsika m'mutu, kulowa m'malaya, kutulukira m'nsapato.

Akuluakulu oyendetsa chikho anali atabisala m'phanga lakum'mawa, ndipo mlandu anauzengera momwemo, poti mboni zambiri zinali pafupi. Wapampando anasuzumira kunja n'kufuula chigamulo.

"A Zefaniya! Kuyambira lero musadzapondenso bwalo la mpira moyo wanu wonse! Ndipo kubetcha kwa wosewera n'konyansa, kulibe mphamvu. Njinga, wailesi, makina, chilichonse chikhale kwa mwini wake!"

Anthu ankayembekeza kuti agwa pansi ndi kulira. Koma Ulimbo anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo kwambiri, akuluakulu! Mulungu akudalitseni!" Mtima wake unali utakhala pansi, moti anayamba kuseka yekha m'mvula momwemo. Chiyambire mpira, ameneyo ndiye munthu woyamba kuthokoza pomuthamangitsa.

Sanasewerenso. Mukapita kwa Chiphwanya lero mudzaona mayina a akatswiri akale atalembedwa ndi penti pa thanthwe lakum'mawa, koma la Ulimbo palibe. Nkhalamba zimakanganabe pa bawo. Ena amati alembedwe, poti manja ngati amenewo sanabadwenso. Ena amati munthu wogulitsa anzake salembedwa pa mwala. Mkangano umenewo sudzatha. Koma chimene anatisiyira chenicheni chinabadwa tsiku lomwelo, pakhomo pa Nangozo.

Mvula itakata, Ulimbo anafika kunyumba akunjenjemera ngati mwanapiye wogwera mu mtsuko. Pakhonde anapeza mphasa yake yopindidwa kale, yomangidwa ndi luzi. Koma m'nyumba munkamveka makina akusoka, tcheketetchekete, ndipo nyimbo yokoma chotero anali asanaimvepo.

"Odi," anatero pa nyumba yake yomwe.

Makina anaima. Nangozo anatuluka, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwera kudzatenga mphasa?"

"Ngati mwatero, mayi a Eneti. Komatu makina ali pomwepo."

"Ali pomwepo chifukwa cha mvula, osati chifukwa cha inu."

Ulimbo anafuna kuyankha, koma anangoyetsemula. Nangozo analimbana ndi nkhope yake, analuma mlomo, koma phwete linamugonjetsa. Anakankhira mphasa ija m'nyumba ndi phazi.

"Lowani musanandifere pakhomo. Koma mudziwe kuti phanga lino ndi lomaliza."

Apongozi ake a Ulimbo, amene sanapite ku mpira, anasuzumira pa mpanda ali odabwa.

"Iwe Nangozo, anthu onse abwera ouma. Bwalo lija lili ndi pobisala uku ndi uku, nanga bambo awa anyowa bwanji chonchi?"

Nangozo anamuponyera mwamuna wake chitenje choti adzipukutire, n'kuyankha kuti:

"Ndi momwemo amayi. Mapanga awiri avumbwitsa."