Batire la Komiti ndi Tomato wa Mai Nasibeko

M'mudzi wina, umene dzina lake sitilitchula poopa kuti eni ake angayambe kuyenda modzitukumula, munali anthu okonda chitukuko kuposa mmene mbuzi imakondera mchere. Mudziwo unali m'mphepete mwa dambo, ndipo chuma chake chonse chinali tomato wa m'madimba. Khomo lililonse linali ndi sipuleya yake yobereka kumsana, ija yopopa ndi dzanja mpaka phewa kuchita dzanzi. Inali yosaoneka bwino, yomangidwamangidwa ndi mphira, koma mbozi zinkaiopa.

Tsiku lina la msika kunafika galimoto ya chimkuzamawu padenga. Mwini wake, mkulu wina wovala tayi dzuwa likuswa mtengo, anatsitsa zipangizo ziwiri zonyezimira: sipuleya yodzipopa yokha, ndi sizasi yodulira nthambi mongodina batani. Zonse zinali zopanda chingwe, zoyendera batire limodzi lomangosinthanitsa. Mtengo wake, iye anatero, wadulidwa pakati, koma kwa tsiku lokhalo, ndiponso kwa mudzi wokhawo umene ungapereke masipuleya ake akale onse ngati chowonjezera.

Nkhaniyi inawapeza a Fanuwelo Kamtengeni, Tcheyamani wa Komiti Yaikulu Yoona za Chitukuko, Ulimi Wamakono ndi Zina Zotero, munthu amene khasu lake linayamba dzimbiri chaka chimene anasankhidwa. Anadina batani la sizasi, kanthambi ka mango kanagwa, ndipo m'maso mwawo munalengeza misozi.

"Abale anga," anatero atakwera pa kreti, "mpaka liti tizipopa ndi manja ngati tikupemerera moto? Bweretsani zakalezo tonse tilowe m'dziko latsopano!"

Anthu anathamangira kumakomo. Mmodzi yekha ndiye anazengereza, Mai Nasibeko. Mayiwa anali atalima dimba lalikulu kuposa onse chaka chimenecho, chifukwa denga lawo laudzu linkadontha paliponse, ndipo analumbira kuti mvula yotsatira idzawapeza pansi pa malata. Malatawo anali m'tomatoyo, amene panthawiyo anali atangoyamba maluwa.

"Pepani a Tcheyamani," anatero atanjuta, "sipuleya imodzi yomweyi mudzi wonsewu? Nanga mbozi zikatibwerera pamodzi?"

"Mayi, ndege imakhala imodzi, koma imanyamula anthu ochuluka kuposa njinga zonse za mudzi uno. Musatibwezere m'mbuyo."

Anthu anawomba m'manja, ngakhale panalibe amene anakwerapo ndege. Mai Nasibeko anapereka sipuleya yawo mtima ukukana, galimoto ija inanyamuka itadzaza, ndipo sinaonekenso.

Mawa lake Komiti inakhala pansi. Choyamba inasankha a Yotamu Chidzanja kukhala Msungabatire Wamkulu, ndipo inawapatsa wachiwiri ndi wachitatu wawo, poti mutu umodzi susenza denga. Kenako inakhazikitsa lamulo loti zipangizozo zisakhudze tsamba la mlimi aliyense mpaka zitatsegulidwa mwamwambo. Mudzi umenewo sunkayamba chinthu popanda riboni. Ngakhale chitsime cha kudambo anthu anachilambalala chilimwe chathunthu, akumwa madzi a m'zithaphwi, podikira woti adzatunge chikho choyamba.

Woyenera kudula riboniyo anali Bwana Mkulu Woyang'anira Miyambo Yotsegulira Zinthu, wochokera kuboma. Tsoka lake, bwanayo anali ndi zambiri zoti atsegule. Sabata imeneyo ankatsegulira chimbudzi cha pamsika wina, sabata yotsatira ankakatseguliranso kachiwiri mlatho umene unakokoloka atangoutsegulira.

Mbozi, zimene sizidziwa ndondomeko, zinafika osadikira kuitanidwa. Zinayamba ndi masamba a m'munsi, kuwalemba timizere toyera, kenako zinakwera. Mai Nasibeko anathamangira kwa a Tcheyamani atafumbata tsamba lobookabooka.

"Taonani bambo, zayamba. Ndibwerekeni kwa m'mawa umodzi wokha, mankhwala ndili nawo kale. Palibe adziwe."

A Tcheyamani analiyang'ana tsambalo mwachifundo chonse.

"Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukufuna Bwana adzatsegulire sipuleya yogwira kale ntchito? Adzatiyesa anthu otani?"

Komabe Komiti siinkagona. Inaona kuti mwambo waukulu chotero umafuna kuyeserera. Choncho a Chidzanja ankalikulunga batire m'thaulo, kulibereka panjinga, ndi kukalitchajitsa pa sola ya ometa tsitsi kumsika. Likabwera, mamembala ankafola motsata maudindo, aliyense kudina batani monga mmene Bwana adzadinire. Poti kuyeserera si ntchito, lamulo silinkaphwanyidwa. Mpanda wa maluwa wa kwa a Tcheyamani unametedwa bwinobwino, mapeyala a kwa Mlembi wa Komiti anasadzidwa, ndipo fumbi la pabwalo la misonkhano linkapoperedwa madzi kuti lisatsokomoletse akuluakulu. Dzuwa likamapendeka batire linkakhala litatheratu.

Kenako a Chidzanja anatulukira chinthu chimene wamalonda uja anaiwala kunena. Kumbali kwa batirelo kunali kabowo kotchajira foni. Anauza wachiwiri wawo yekha, wachiwiriyo anauza mlamu wake yekha, ndipo pofika Lamulungu khonde la a Chidzanja linali ndi alendo ambiri kuposa nyumba ya siwa. Sikuti ankatchaja mafoniwo pa zachibwana ayi. Ankaimbira kuboma kufunsa tsiku limene Bwana abwere, ndiponso ankaimbirana okhaokha kudandaula kuti batireli likutha msanga modabwitsa. Anakhazikitsa kakomiti kofufuza vutoli. Mamembala ake anafika pakhondepo, natchaja mafoni awo kuti kafukufuku ayende bwino, ndipo anapeza kuti wolakwa ndi wometa tsitsi.

Kudimba, Mai Nasibeko anayesa zonse. Anawaza phulusa. Anasungunula sopo ndi mankhwala m'ndowa, namawaza ndi tsache mpaka zala zinasupuka. Anapita kumudzi woyandikana nawo kukabwereka sipuleya yakale, koma uko nakonso mbozi zinali pakalapakala, ndipo aliyense anali ataibereka yake kumsana. Pobwerera anakumana ndi a Tcheyamani, amene anali atamva kale.

"Mayi, mwativula pagulu! Mudzi wa zipangizo zamakono n'kumakapempha zakale kwa anthu otsalira?"

"Bambo, tomato wanga akutha. Mvula ikabwera ndidzagona pati?"

"Nkhani yanu ili pamwamba penipeni pa zokambirana zathu. Ndipo ndikuuzeni zosangalatsa: tagwirizana kuti mwambo udzachitikire m'dimba mwanu. Inu ndinu Wopindula Woyamba."

Wopindula Woyamba anakakhala pamzere wa dimba lake nalira. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo ngakhale m'nkhani yoseketsa tiyenera kunena poyera kuti mayiyu zinamuwawa mpaka m'mafupa. Maluwa anayoyoka, tizipatso tinabooka ndi kuwola, masamba anauma ngati awauka ndi moto.

Bwana anafika kumwamba kutayamba kale kusonkhana mitambo. Amayi anavina, ana asukulu anaimba, ndipo gulu lonse linatsetserekera kudambo, kumene riboni yofiira inali itamangidwa pakati pa zikhomo ziwiri. Kuseri kwa riboniyo kunali mizere ya timitengo touma. Bwana anaima, nayang'ana, nakwinya nkhope. Koma a Kamtengeni sanasankhidwe utcheyamani pachabe.

"Bwana," anatero, "ndikukupemphani mwaulemu, fufuzani m'dimba monsemu. Mukapeza mbozi ngakhale imodzi, ndichotseni paudindo."

Bwana anawerama, natembenuza katsamba kouma. Munalibedi mbozi. Zinali zitasamuka kalekale chifukwa cha njala.

"Zodabwitsa! Ndiye kuti zathawa zipangizo zisanayambe n'komwe ntchito?"

"Zinangomva mbiri, bwana."

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Bwana anadula riboni ndi sizasi ya batire, ndipo inawakomera kwambiri moti anapitiriza kudula timitengo touma tija mzere wathunthu, wojambula akuwatsatira. Atasamutsira batire ku sipuleya, inangotsokomola kamodzi n'kuzima, popeza dalaivala wa Bwana anali atadutsira pakhonde la a Chidzanja. Aliyense anavomereza kuti panalibenso chopopera.

Pamadyerero anapha mbuzi. Mai Nasibeko, monga Wopindula Woyamba, anapatsidwa ulemu wogwada ndi kusambitsa Bwana m'manja. Bwana anatafuna nthuli, naunguza m'mbale.

"Koma a Tcheyamani, muli ndi zipangizo zoterezi, ndiwo n'kukhala zopanda tomato? Alimi anu akuoneka aulesi."

"Timawalangiza tsiku ndi tsiku, bwana, koma mukudziwa anthu akumudzi."

Asanamalize, kunja kunagunda, ndipo madontho oyamba anagwa. Panali chipwirikiti. A Chidzanja anavula jekete nafunditsa batire, wachiwiri wawo anafunditsa a Chidzanja, wachitatu anathamangira ambulera. Bwana, phazi limodzi lili kale m'galimoto, anafunsa kumene katundu wamtengo wapataliyu amasungidwa. Atamva kuti amagona m'nyumba yaudzu, anakalipa koopsa.

"Mukufuna chitukuko chinyowe? Ndikufuna nyumba yakeyake, ya njerwa zootcha, yofolera malata. Ndidzabwera ndekha kudzaitsegulira."

Aka kanali koyamba m'mbiri ya mudziwo kuti ntchito ithe mwachangu. Amuna ananyamula njerwa, khomo lililonse linasonkha, ndipo Mai Nasibeko anaikidwa kukhala Mtsogoleri wa Amayi Otunga Madzi a Zomangamanga. Anagulitsa nkhuku zawo kuti asatsalire pa chopereka, poti Wopindula Woyamba sangakhale womaliza kuthokoza.

Dzinja limenelo mvula inagwa yambiri. Ikayamba, Mai Nasibeko ankayala mabeseni ndi mapoto pansi, kukokera mphasa pakona youma, ndi kukhala tsonga atafunda thumba la feteleza. Kuchokera pamenepo ankamva bwinobwino mvula ikulira pa malata atsopano kutsidya kwa njira, pamene batire linali gone pa shelefu, louma, lofunda thaulo, likudikira Bwana kuti adzatsegulire chitseko.