Tsitsi la eni ake m'chiwaya cha Mayi Zuze

Mpaka lero sindidutsa kuseri kwa msika wa ku Chirimba, ndipo musandifunse ngati ndinapepesa.

Nditasiya sukulu, a Fole ananditenga m'shopu yawo yometera. Anati andiyesa sabata imodzi, ndikachita bwino ntchito ndi yanga. Lamulo lawo linali limodzi: usanasese tsitsi, waza madzi pansi. (Bambo wamkulu, ndevu mbuu, kumaopa tsitsi lometa kale.)

Lachinayi masana anapita ku Limbe kukagula malezala. Ndinayang'ana tsache, ndinayang'ana fani yopemerera mphepo, ndinati zachikalezi zithere pompano. Ndinatsitsa fani pansi, kuilozetsa kukhomo, kuitsegula mpaka pomaliza. Nzeru yanga inali yakuti titsitsi n'titalitali ngati singano, ndiye tingowongoka n'kutuluka molunjika kukagwera m'ngalande.

Poyamba titsitsito tinamveradi. Tonse tinaloza kumodzi, kufola ngati akwaya polowa m'tchalitchi. Koma pakhomo mphepo yanga inakumana ndi yapanja, ndipo padzuwapo ndinaona chipwirikiti chake: kena kakugudubuzika, kena kaima chilili, kena kapingasa, kena kabwerera kudzandilowa m'mphuno. Tambiri tinakwera m'mwamba, kuzungulira kawiri ngati tikufunsana njira, n'kukhotera kumanzere.

Kumanzereko n'kumene Mayi Zuze amakazinga tchipisi.

"Mwanawe, tabwera," anandiitana, supuni ili m'manja. "Mbatatesi yangayi yamera liti ndevu?"

M'malo mogwira mwendo (pakamwa pangapa palibe mabuleki) ndinati, "Mayi, mafuta owira amapha chilichonse. Komanso ife timameta anthu osamba."

Bambo wina wovala tayi, amene ankadya chiimirire, anazula kamodzi m'mano n'kukayang'anitsitsa.

"Aka n'kaimvi," anatero. "Achimwene, mungondiuza. Ndadya mutu wa ndani?"

Ndinawauza kuti akafunse mphepo. Pamene a Fole ankafika, chiwaya chonse chinali chitakhuthulidwa m'ngalande, anthu atadzaza pakhomo, wina akuti tsitsi la munthu m'chakudya si ngozi koma mankhwala.

A Fole sanakweze mawu. Anazimitsa fani, n'kundivula epuloni okha.

"Madzi ndinkanena aja umayesa ndi othirira maluwa? Pita, mwanangu. Mawa usavutike kudzuka."

Anzanga amati ndinaphunzirapo ulemu. Ulemu wa chiyani? Chimene ndinalakwitsa n'kusiya zenera lakumbuyo lotsegula. Nditalitseka, tsitsilo likhoza kuyenda bwinobwino. Ndikungosowa shopu yoti ndikayeserenso.