Simulation ya Kupempha Ntchito ya pa Foni

Lolemba

Ba Mwanza, mayi woyankha foni pa ofesi yathu ya malole m'tauni, akusiya ntchito Lachisanu. Amuna awo awasamutsira ku Kitwe. Mpando umenewo ndikuufuna ine. Ndatopa ndi tsache, chikolopa ndi ketulo. Vuto ndi limodzi: ndiyenera kukapempha ndekha kwa Ba Manija, bwana wamkulu wa ofesi, ndipo ndikangowaona malovu amauma.

Popukuta fumbi m'chipinda cha kompyuta ndaona liwu lachizungu pa galasi lake: simulation. Ndalilemba pachikhatho. Ku pulayimale sitinafike pamenepo.

Lachiwiri

Ndalimba mtima, ndafunsa Ba Tembo oyendetsa kompyuta, maso anga ali pa nsapato zawo. Akuti ndi kuyeserera chinthu m'makina usanachichite zenizeni. Andionetsa timadontho tobiriwira, akuti ndi malole athu opita ku migodi. Adina batani, lole imodzi yathera mafuta pa Kapiri. Palibe dalaivala wagona m'tchire, palibe wakalipiridwa.

"Ukalakwitsa muno palibe mulandu," akutero, "uyambilanso chabe."

Kulakwitsa popanda mlandu! Koma kompyuta ine ndimaloledwa kuikhudza ndi kansanza basi. Ndiye simulation yanga ndikachitira kunyumba ku Kabwata. Zofunika: tebulo, mpando, ndi munthu woti akhale Ba Manija.

Lachitatu

Esinati, mwana wa azakhali anga amene ndimakhala nawo, wavomera. Wavala jekete la malemu bambo ake, miyendo wasanjika patebulo. Ndagogoda. Ndalowa. Ndatsegula pakamwa, palibe chatuluka. Tayambiranso. Ulendo uno chatuluka ndi chakuti, "Tiyi, bwana?" Esinati waseka mpaka watsamwa.

Lole yanga sinatuluke n'komwe pageti.

Lachinayi

M'mawa mzere wa basi. Madzulo mzere wa ufa, ufawo watha tisanafike pakhomo la sitolo.

Azakhali ali ku chigwirizano cha amayi, ndiye tayesanso. Esinati akuti mabwana enieni ndi aukali, ndizolowere. Lero ndanena zonse, mpaka kuti foni ndingathe kuyankha. Iye wamenya tebulo, wakuwa ndi mawu achimuna: "Choka muno iwe! Nchito yasila, usabwelenso!" Zamukomera, wabwereza kangapo.

Khoma lathu ndi lopyapyala. Kuseri kwake kuli Amake Joyce, mkazi wa tcheyamani wa chipani m'dera lathu, amene amamva ngakhale supuni ikagwa kwa eni ake. Ndawaona akuimitsa azakhali pamsewu, akuloza zenera lathu. Azakhali alowa m'nyumba. Pakudya andipatsa mutu wa nsomba, umene sapatsa munthu, n'kumandiyang'ana ngati wodwala.

Lachisanu

Ndaima pakhomo la Ba Manija ndi thireyi ya tiyi, mawu onse ali okonzeka pa lilime. Ndatsegula. Azakhali ali m'katimo, agwada pa kapeti, nkhuku yathu ya mazira ili m'basiketi pambali pawo.

Amake Joyce anawauza kuti bwana anabwera yekha kunyumba atavala jekete, n'kundichotsa ntchito. Ndipo kwathu mwana akachotsedwa ntchito samufunsa, wamkulu amangopita kukapepesa.

"Bwana, mukhululukireni mwanayu," akutero azakhali. "Ndi wamanyazi, kuyankhula ndi anthu satha. Mlendo akafika kunyumba amathawira kuchipinda. Musiyeni azingosesa, palibenso china chimene amafuna pamoyo wake."

Ba Manija adabwa. Akuti palibe wachotsedwa ntchito, ndipo alonjeza kuti iwo ali pampando, tsache langa palibe adzandilande. Kenaka atembenukira kwa ine, afunsa ngati ndili ndi mawu. Azakhali akundiyang'ana, Ba Manija akundiyang'ana, nkhuku nayonso. Ndaika tiyi patebulo, ndapinda mawondo, ndatuluka.

Nkhuku Ba Manija alandira.

Loweruka

Ntchito mpaka masana. Mpando wa foni apatsa mtsikana wa ku Woodlands, dera la anthu olemera, wovala nsapato zogogoda. Chizungu chake chimatulukira m'mphuno.

Kunyumba ndayesa kufotokozera azakhali tanthauzo la simulation. Amvetsera mpaka kumapeto, kenaka afunsa ngati nkhuku yawo inapita moyeserera kapena zenizeni. Esinati wathawira kwa mnzake ku Chelstone, jekete walisiya pansi pa bedi. Amake Joyce akuuza msewu wonse kuti pakanapanda makutu awo bwenzi ndili lova.

Zimene ndapeza sabata ino: liwu limodzi lachizungu. Zimene ndataya: mpando, nkhuku, ulemu.

Lamulungu

Azakhali akuti zoona zake n'zochititsa manyazi kuposa bodza la Amake Joyce, ndiye tisiye momwemo. Kutchalitchi aimirira nthawi ya mayamiko, athokoza Mulungu pondibwezera ntchito yanga yosesa. Abusa andiuza kuti ndiimirire kuti anthu andione. Mpingo wonse waomba m'manja, amayi aimba nthungululu. Ndaima pamenepo ndikuwerama, mayi wina wandifinya dzanja, akuti ndigwire tsachelo ndi manja awiri.

Liwu lija ndikulidziwa bwino tsopano, ndingathe kulifotokozera aliyense, kungoti palibe amene angandifunse.

Yunifolomu ndachapa, ndasita. Mawa ndilawirire. Mtsikana watsopanoyo akuti pansi pa tebulo lake pali fumbi.