Njerwa ndi Anyezi

Lolemba

Fomu 1, phunziro la sayansi. Mutu: mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi. Ndikufunsa kuti titasiya njerwa ndi anyezi kuchokera padenga nthawi imodzi, chingayambe kufika pansi n'chiti. Kalasi yonse: "Njerwaaa!" Ine monyadira: ayi, zifika limodzi. Kuseka kwake, ena mpaka kugona pamadesiki.

Kenako Tiyamike, mtsikana wokhala kumbuyo amene makolo ake ndi matenanti pa esiteti ya kutsidya kwa dambo: "Aphunzitsi, munaziona ndi maso anu kapena munangowerenga?"

Ndinangowerenga. Zaka zonsezi ndikuphunzitsa, sindinagwetsepo kanthu mwadala. Ndawalonjeza kuti Lachisanu adzaona okha.

Zofunika:
njerwa imodzi
anyezi (ndili nawo atatu)
malo okwera
munthu woyang'ana pansi

Mu sitafurumu ndayesa kufotokoza. Aliyense ali pa nkhani ya makuponi a feteleza, amene walembedwa ndi amene wadumphidwa. Mwezi wachitatu uno chibwerereni kuno ku Santhe kuchokera kwathu ku Mulanje, zokamba zanga zimatherabe pa "mwadzuka bwanji".

Lachiwiri

Kuyesera m'nyumba, nditakwera pampando. Njerwa kumanja, anyezi kumanzere. Ndikulemba zonse, poti umboni ndi wolemba, osati wa pakamwa.

Koyamba: sindinaone, ndinaphethira.
Kachiwiri: zikuoneka ngati limodzi, koma mtima wanga umafuna zifike limodzi, ndiye sindikudzikhulupirira.
Kachitatu: chala chachikulu cha kuphazi!

Mpando wachepa msinkhu. Komanso munthu mmodzi sangakhale pamwamba kugwetsa, yemweyo n'kukhala pansi kuona. Pafunika awiri. M'nyumba muno muli ine, wailesi ndi buluzi wa pazenera.

Anyezi woyamba waphwanyika. Wapita mu ndiwo.

Lachitatu

Ndikutsimphina kupita ku esiteti kukabwereka makwerero kwa a Banda, kapitawo. "Denga likudontha?" Ndafotokoza zonse, mpaka za mwezi umene umazungulira dziko chifukwa cha mphamvu yomweyi. Iwo: "Kodi kwanu munati n'kuti, aphunzitsi?" Komabe andipatsa. Makwerero ake akusowa timitengo tiwiri pakati.

Ndapempha a Nkhoma, ophunzitsa zaulimi, kuti adzakhale mboni. Akuti Lachisanu adzakhala pamzere kudepoti ya feteleza. Awonjezera kuti chaka chatha anagwa panjinga atanyamula thumba la feteleza, thumba linafika pansi chipewa chawo chikadali m'malere. "Ndinaona ndekha, achimwene. Cholemera n'cholemera."

Zandipweteka chifukwa iwo ali ndi umboni, ine ndilibe. Ndayamba kunena kuti chipewa chimatchingidwa ndi mpweya, kuti patapanda mpweya ngakhale nthenga ikanafika limodzi ndi thumbalo. Ndikumaliza mawu, iwo ali kale pa msewu, belu ngiri ngiri.

Ndamalizira kufotokozera makwerero.

Lachinayi

Tsiku la manyazi. Ndilembe basi.

Ana ataweruka, ndakwera ndi makwerero aja pa nsanja ya thanki ya madzi ya pasukulu kuti ndiyesere. Njerwa ndi anyezi m'jumbo, kope m'manja. Malo abwino zedi! Minda yonse ikuoneka, zigafa za fodya mpaka kutali, dothi lofiira lodikira mvula.

Amayi atatu ochokera kumjigo aima. Akuona mwamuna wa taye ali pamwamba, kope m'manja. Mmodzi watula ndowa, wathamangira kumudzi. Pasanapite nthawi pansi padzaza: azibambo panjinga, agogo a ndodo, amayi obereka ana. Chibwerereni sindinayang'anidwepo ndi anthu ochuluka chonchi. Ndisaname, mtima unakoma.

Ndakuwa kuti onse ayang'ane pansi, aone chimene chiyambe kufika. Ndasiya. Phi!

Palibe ndi mmodzi yemwe wayang'ana pansi. Maso onse ali pa kope.

Agogo ena: "Mwana wanga, yambani kuitana mainawo, ife tachokera kutali."

Ndanena kuti si za makuponi, ndi za sayansi. Bambo wina: "Ndiye a sayansiwo apereka liti?" Atamvetsa, abalalika akutukwana chapansipansi. Anyezi wachiwiri sindinamuonenso. Potsika ndaiwala za timitengo tosowa tija. Buluku lang'ambika pamalo osatchulika.

Ahedi: "A sayansi, thanki ija si guwa. Musadzakwerenso."

Lachisanu

Mvula yoyamba! Yayamba m'bandakucha, yamphamvu. Dera lonse lili m'munda kuwokera fodya. M'kalasi ya ana osawerengeka mwabwera awiri, Madalitso ndi Yohane, ndipo ndikuganiza kuti angothawa khasu. Tiyamike kulibe. A Banda atumiza uthenga kuti makwerero abwerere lero lomwe, chigafa chikudontha.

Lonjezo ndi lonjezo. Ndasanjikiza desiki pa tebulo, ndakwera, mutu ukugunda malata. Awiriwo agona chafufumimba, maso pa simenti. Kuwerenga mpaka katatu. Ndasiya.

Madalitso: "Njerwa, aphunzitsi."
Yohane: "Anyezi."

Tabwereza. Madalitso akuti anyezi, Yohane akuti njerwa. Kachitatu onse awiri: "Inuyo mukufuna tinene chiti?"

Ndikanatha kuwauza. Akanavomera, ine n'kulemba kuti zatheka. Koma ndalemba momwe anenera. Mwina kusagwirizana kwawoko kukusonyeza kuti kusiyana kwake n'kochepa moti diso silingaone. Mwina. Koma "mwina" sangamuyankhe Tiyamike.

Loweruka

Ndakwera chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, pokhapo pamene foni imagwira. Ndaimbira akazi anga, mayi a Chisomo, ku Mulanje. Ndawafotokozera za njerwa, za thanki, za buluku. Aseka mpaka kutsokomola. Kuseka kwawo ndinakusowa.

Kenako: "Chisomo wayamba kuyenda. Lachitatu. Masitepe anayi, kuchoka pakhomo kufika pa mtondo."

Lachitatu ndinali kunyamula makwerero.

"Akungogwa tsiku lonse. Ngati mukufuna zogwa, bambo a Chisomo, bwerani mudzaonere kuno."

Ndafunsa ngati amagwa chagada kapena chafufumimba. Sindikudziwa chifukwa chake ndafunsa zimenezo. Mayunitsi atha asanayankhe. Ndakhalabe pachulupo, foni kukhutu, mpaka linthumbu litandipeza.

Lamlungu

Ndasoka buluku. Ulusi woyera pa nsalu yakuda, wina ndilibe. Njerwa ndaiika kuti izigwira chitseko, ntchito imene ikuidziwa bwino. Anyezi wachitatu ndadya ndi usipa.

Zotsatira za sabata yonse: kuyesa kasanu ndi kawiri, chala chimodzi chotupa, yankho palibe. Buku likuti zimafika limodzi ndipo ndikukhulupirira kuti likunena zoona. Kuona sindinaone. Mawa ndikawauza choncho, aseke. Mvula ikadzadukiza tidzayesanso, ngati ahedi adzakhale atapita kumsonkhano.

Kutchalitchi ndakhala pa benchi lakumbuyo monga mwa masiku onse. Potuluka, agogo a mainawo andigwira mkono, akuitana anzawo: "Ndi awa! A Makuponi aja ndi awa!" Amayi azungulira, kuseka, kundigwira chanza mmodzimmodzi. Wina wafunsa za chala. Wina wandipatsa mango awiri, akuti ndikagwetse.

Panjira yobwerera, bambo wina ali m'munda mwake wakweza khasu: "A Makuponi, mwaswera?"

Ndaswera, kaya inu.