Unkhoswe Wanga Unathera M'chipewa

Kwathu nkhani ya unkhoswe ikangoyambika, anthu amandiyang'ana kenako n'kuyamba kutsokomola. Ndiye ndati ndifotokoze ndekha, chifukwa akamafotokoza mlongo wanga Zione amathira mchere wambiri.

Zonse zinayamba ndi gemu. Mphunzitsi mnzanga ku Benga anandiikira pafoni kagemu kakale ka ku Japan: kandege kouluka kuchokera kumanzere kupita kumanja, kakuwombera chilichonse chobwera kutsogolo. Koma amene anakapanga mitu yawo sinali bwino. Adani ake si asilikali ayi. Ndi timbalame tonenepa toyenda ngati tavala suti ya ukwati, nkhumba zamapiko, mabelu ogwa kumwamba, ndipo kumapeto kuli chimphaka chomwe thupi lake ndi sitima ya pamadzi. Umapatsidwa miyoyo itatu, ikatha wabwerera poyambira. (Ine bambo wa ana anayi, wophunzitsa Sitandade 7, ndinatha masabata atatu ndikulimbana ndi mphaka. Musandifunse.)

Nthawi imeneyo n'kuti Zione atachoka kwa mwamuna wake, alamu anga a Selemani a ku Chia. Mlandu wake unali wakuti alamu ananena pagombe, anthu ali mbwee kugula nsomba, kuti kondowole wa akazi awo ndi womatira bwato. Zione anangokulunga zovala m'chitenje n'kubwera kwathu. Poti nkhoswe yake ndinali ine, tsiku lokamba mlandu anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Achimwene, mumvetsetse. Banja ndikulifuna. Ndikungofuna munthu uja atuluke thukuta pang'ono, apepese pamaso pa anthu. Musakalithetse."

"Iwe, ukuyankhula ndi mphunzitsi," ndinatero. "Zisiye m'manja mwangamu."

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa alamu, abambo pamipando, amayi pamkeka. Nkhoswe ya kuchimuna inali a Msusa, amalume awo a Selemani, munthu woti akayamba kuyankhula nkhuku imaikira mazira mpaka kuswa. Anayambira kwa agogo awo amene anabwera pa ngalawa. Anadutsa pa ukwati wawo, pa ukwati wa mchimwene wawo, pa mpunga umene unakokoloka chaka china. Dzuwa linafika pamutu asanatchule kondowole.

Satana sasowa pogwira. Ndinavula chipewa n'kuchiika pamiyendo (anthu anati ndi ulemu), foni m'kati mwake, mawu nditatseka. Ndinawerama. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Taonani aphunzitsi, nkhaniyi yawalowa mumtima."

Ndipo tsiku limenelo zala zinkayenda, abale! Timbalame ndinatisesa. Nkhumba ndinazidutsa osakhudzidwa. Kwa nthawi yoyamba ndinafika pa chimphaka ndili ndi miyoyo yonse itatu. Woyamba unapita. Wachiwiri unapita. Thukuta lili kamukamu, ndinaona chimphaka chikuyamba kuphethira, kusonyeza kuti chatsala pang'ono kugwa. Chapatali, ngati m'maloto, ndinkamva a Msusa akuti:

"Tsono inu ankhoswe a kuchikazi, zonse mwazimva. Banja la ana athuwa mukuliona bwanji?"

Pomwepo kachipolopolo kamodzi kochokera kumbuyo, pha!

"Aaa! Zatha basi!" ndinakuwa n'kudzimenya pantchafu. "Palibenso moyo wotsala apa!"

Nditadzutsa mutu, alamu anali atagwira kumutu. A Msusa anadzuka pang'onopang'ono, n'kutola ndodo yawo.

"Tamva," anatero. "Nkhoswe ikanena, ife ndife yani? Selemani, kawatulutsire katundu wawo amayiwa."

"Achimwene!"

Zione anangonena liwu limodzi lomwelo, koma linandilasa mumtima. Ndinachita mantha enieni. Ndikanakhala chete ndikanachokapo ndili munthu wolemekezeka, nkhoswe yosanyengerera, koma mlongo wanga akanachokapo wopanda banja. Ndinatsika pampando n'kugwada m'fumbi.

"Pepani akuluakulu, sindimanena za banja ayi. Ndimanena za mphaka."

"Mphaka uti?" anafunsa a Msusa.

"Ali m'chipewamu."

Mayo ine! Amayi anadzambatuka pamkeka, wina n'kuyamba kuitana dzina la Mulungu, wina akukuwa kuti akuchikazi abwera ndi mankhwala pamlandu. (Ndani amayenda ndi mphaka m'chipewa masanasana ngati si mfiti?) Ndinachita kutulutsa foni msangamsanga n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione.

A Msusa anailandira, n'kuitalikitsa ndi maso awo.

"Ndiye mphaka ameneyu ndi sitimanso?"

"Eya."

"Ndipo inu mumamuwombera?"

"Eya."

"Pamlandu wa mlongo wanu?"

Ndinkangoyang'ana nyerere zikudutsa pafupi ndi bondo langa.

Woyamba kuseka anali alamu. Anayesa kutseka pakamwa ndi dzanja, zinakanika, mpaka anatsetsereka pampando. Zione anayesetsa kusunga mkwiyo wake, koma atawaona amuna ake ali chagada m'fumbi, naye anaphulika. Alamu anakwawa mpaka pamkeka pamene panali Zione, misozi ili mbwembwembwe.

"Amake Hawa, ndinalakwa ine. Kondowole wanu alibe mlandu, pakamwa pangapa ndi pamene pali poipa. Bwererani, musandisiye ndekha ndi alamu owombera amphaka."

Banja lija lilipo mpaka lero. Unkhoswe anandilanda tsiku lomwelo n'kuupereka kwa mng'ono wanga, amene foni yake ndi ya mabatani. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti kutseka mawu a foni n'kosathandiza ngati pakamwa pako pali pululu. Zione akuti masiku ano akayambana, mmodzi amangofunsa kuti, "Tiwaitane achimwene?" ndipo mkangano umathera pomwepo.

Ndikapita kukacheza ku Chia, ana awo amandigwadira bwinobwino, "Mwaswera bwanji amalume?" Koma ndikangotembenuka, kuseri kwa nkhokwe kumamveka kamawu kakang'ono: "Miyawu."